Mbiri ya Masamu Olosera Zimene Pulotoni Imachita mu Nyukiliyasi

Chakumapeto kwa chaka cha 1928, ku labotale ya Cavendish mumzinda wa Cambridge kunafika pepala lodzaza masamu lolembedwa ndi George Gamow, mnyamata wa zaka 24 wobadwira ku Odessa. Amene analiwerenga mofatsa anali John Cockcroft, injiniya wa zamagetsi yemwe ankagwira ntchito pansi pa Ernest Rutherford. Nthawi imeneyo zinali zodziwika kale kuti pakati pa atomu iliyonse pali kaphata kolemera kotchedwa nyukiliyasi, ndiponso kuti kaphatako kamakankha pulotoni iliyonse yoyandikira, poti zonse ziwiri zili ndi chaji ya magetsi ya mtundu umodzi. Malinga ndi masamu akale, pulotoni inkafunika kuthamangitsidwa ndi ma volt mamiliyoni angapo kuti igonjetse kukankhako, ndipo makina otero kunalibe kulikonse. Gamow anasonyeza kuti m'malamulo atsopano a quantum mechanics, kanthu kakang'ono kali ndi mwayi, ngakhale wochepa, wopyola chipupa chimene mphamvu zake sizikukwanira kuchidumpha. Iye ankafotokoza mmene tizidutswa ta alpha timatulukira mu uranium ndi radium. Cockcroft anangoitembenuza nkhaniyo: podutsa potuluka m'pomwenso podutsa polowa. Atawerengera, anapeza kuti ma volt 300,000 okha akhoza kulowetsa mapulotoni ena mu nyukiliyasi ya boron, ndipo analembera Rutherford kupempha kuti amange makina.

Kumangako kunatenga zaka zoposa zitatu. Pa 14 April 1932, mnzake wa ku Ireland, Ernest Walton, anakwawa pansi kuopa magetsi, n'kulowa m'kakhumbi ka matabwa kokutidwa ndi mtovu kunsi kwa paipi yagalasi ya makinawo, naika diso pa maikulosikopu. Pa kagalasi kopakidwa zinc sulphide panali kuthwanima timoto tambirimbiri. Anaitana Cockcroft, kenako Rutherford, amene anachita kudzipinda kuti akwane m'kakhumbimo. Mkuluyo atangosuzumira anadziwa kuti ndi tizidutswa ta alpha, poti anali atatiyang'ana kwa zaka zambiri. Pulotoni inali kulowa mu lithium, lithiumyo n'kung'ambika kukhala manyukiliyasi awiri a helium, n'kutulutsa mphamvu yokwana pafupifupi 17 MeV. MeV imodzi ndi mphamvu imene pulotoni imapeza ikakankhidwa ndi ma volt miliyoni imodzi. Chimene chimandikopa pa tsiku limeneli n'chakuti pensulo ndi imene inatsogola, makina n'kubwera pambuyo. Sizinapitirire choncho. M'zaka zonse zotsatira, owerengera ndi oyeza akhala akusinthana kutsogola, ndipo nthawi zambiri oyeza ndi amene ankabweza owerengera kuti akayambirenso.

Funso limene magulu awiriwa amakumanirapo ndi limodzi. Mukaomba mapulotoni pa kapepala kachitsulo kopyapyala, ambirimbiri amangodutsa osakhudza nyukiliyasi iliyonse, chifukwa mbali yaikulu ya atomu ndi malo opanda kanthu. Ochepa amalowa n'kusintha nyukiliyasi: apa ituluka nyutroni imodzi, apo atuluka awiri, pena alpha, pena cheza cha gamma chokha. Woyeza amawerenga kusintha kwa mtundu umodzi, n'kugawa nambalayo ndi kuchuluka kwa mapulotoni oombedwa komanso kwa manyukiliyasi amene anali m'njira. Yankho limatuluka monga kukula kwa malo, chandamale chimene nyukiliyasi iliyonse yaimika kutsogolo kwa pulotoni, ndipo akatswiri amalitcha cross section. Muyezo wake ndi barn, dzina limene Marshall Holloway ndi Charles Baker anapereka ku yunivesite ya Purdue mu 1942, nkhondo ili mkati. Mukagawa sikweya sentimita imodzi m'zigawo zochuluka ngati nambala 1 yotsatiridwa ndi maziro 24, chigawo chimodzi ndiye barn. Chandamalechi si kukula kwenikweni kwa nyukiliyasi. Pa mphamvu yochepa sichioneka n'komwe chifukwa cha kukankha kuja. Mphamvu ikamakwera chimakula, kufika pachimake, n'kuyamba kuchepa pamene njira ina yotulukira yatseguka. Manyukiliyasi odziwika ndi oposa 3,000, iliyonse ili ndi njira zake zambiri, ndipo ochuluka amatha msanga moti sungawasule kukhala kapepala koombapo. Palibe labotale ingayeze zonsezi. Kopanda muyezo kumafunika masamu.

Chifanizo choyamba chokhalitsa cha zochitika mu nyukiliyasi chinabwera kudzera mu nyutroni. Ku Rome mu 1934, gulu la Enrico Fermi linapeza kuti manyutroni oyenda pang'onopang'ono amamezedwa mosavuta zedi ndi manyukiliyasi ena, ndipo posakhalitsa zinaoneka kuti kumezako kumakula modzidzimutsa pa mphamvu zina zosankhika. Maganizo a nthawiyo, akuti kanthu kolowa kamayenda kokha mu nyukiliyasi osasokonezedwa, anagwira nazo njakata. Niels Bohr wa ku Copenhagen anayankha mu February 1936 m'magazini ya Nature, ndipo pofotokozera anthu ankaonetsa chithunzi cha mbale yophwatalala yokhala ndi mipira ya biliyadi. Mbale ikakhala yopanda kanthu, mpira wogubuduziridwa mkati umatsika mbali ino, kukwera mbali inayo, n'kutuluka. Ikakhala yodzaza, mpirawo umagunda unzake, unzakewo n'kugunda ina, mphamvu n'kugawikana ponseponse moti palibe umodzi wotsala ndi yokwanira kutuluka. Pamadutsa nthawi yaitali, mwina kuwirikiza ka miliyoni nthawi imene pulotoni ingatenge kungodutsa, mphamvu isanaunjikanenso mwangozi pa mpira umodzi wa m'mphepete. Pofika apo, anatero Bohr, nyukiliyasi yaiwala kale mmene inapangidwira.

Kuiwala kumeneku ndi kumene kunatsegula njira ya masamu, chifukwa kunadula vuto pawiri: mwayi wolowa, kuchulukitsa ndi mwayi wotuluka mwa njira yakutiyakuti, chilichonse chowerengedwa pachokha. Chaka chomwecho Gregory Breit ndi Eugene Wigner analemba masamu a nsonga zodzidzimutsa zija, ndipo Hans Bethe anapeza njira yoyerekezera kuchuluka kwa masitepe a mphamvu amene nyukiliyasi yotenthedwa ingaimepo. Mu 1937 Victor Weisskopf anaiona nyukiliyasi ngati dontho lotentha limene likutaya nthunzi, nyutroni iliyonse yotuluka n'kumaliziziritsa. Weisskopf, amene anachoka ku Ulaya nthawi ya chipani cha Nazi monganso Bethe, anapeza ntchito ku Rochester ku America, kumene makina a cyclotron anali kuombera mapulotoni pa zitsulo zosiyanasiyana. Mu 1940 iye ndi D. H. Ewing anakonza masamu a nthunziwo kuti athe kuyerekezeredwa ndi miyezo yotereyi. Palibe mmodzi wa anthu awa amene ankanena kuti akudziwa zochita za pulotoni ndi nyutroni iliyonse mkatimo. Anavomera kuti m'mochuluka zinthu, nasankha kuwerengera zapakatikati, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake ntchito yawo yakhalitsa.

Panapita zaka 14 maganizo a Bohr asanayesedwe mwachindunji, ndipo amene anawayesa anali wophunzira wa ku India, Samarendra Nath Ghoshal, yemwe ankachita kafukufuku wake ku Berkeley pansi pa Emilio Segrè. Nzeru yake inali yosavuta kuimva. Nyukiliyasi ya zinc-64 ingapangidwe m'njira ziwiri: kulowetsa pulotoni mu copper-63, kapena kulowetsa alpha mu nickel-60. Ngati Bohr ananena zoona, zinc-64 yotenthedwa mofanana iyenera kusweka mofanana posatengera khomo lolowera. Ghoshal anatenga mapulotoni a 32 MeV ku makina a Luis Alvarez ndi tizidutswa ta alpha ku cyclotron ya mainchesi 60, nayeza njira zitatu zotulukira: nyutroni imodzi, manyutroni awiri, ndi pulotoni pamodzi ndi nyutroni. Atasanjikiza mizere ya mkuwa pa ya nickel molingana ndi kutentha kwa zinc-64, inakwera ndi kutsika limodzi. Zotsatirazi zinatuluka mu 1950 ndipo zikuphunzitsidwabe. Pambuyo pake anthu anaona kuti kufananako sikungakhale kwathunthu, chifukwa alpha ndi yolemera ndipo imasiya nyukiliyasi ikuzungulira kwambiri kuposa mmene pulotoni imachitira. Nyukiliyasi imaiwala zambiri, koma siiwala mphamvu yake ndi kuzungulira kwake. Walter Hauser ndi Herman Feshbach a ku MIT analowetsa kuzungulirako m'masamu mu 1952, ndipo njira yawo ndiyo ili pamtima pa mapulogalamu ambiri akuluakulu a lero.

Pamene izi zinkakhazikika, ku Berkeley komweko kunali kutuluka umboni wina wotsutsa. Cyclotron yaikulu ya mainchesi 184 inayamba kugwira ntchito mu 1946, ndipo pa mphamvu za 100 MeV ndi kupitirira nyukiliyasi sinkameza zonse zoilowa. Robert Serber anafotokoza mu 1947 kuti pa liwiro lotere pulotoni imagunda mapulotoni ndi manyutroni a mkatimo mmodzimmodzi, nthawi zina n'kutuluka itangogunda kamodzi, nthawi zina osagunda n'komwe. Marvin Goldberger mu 1948 analondola maulendo otere pamanja, akusankha malo ogunda ndi manambala otoledwa mwachisawawa, njira yotchedwa Monte Carlo. Patatha zaka khumi Nicholas Metropolis ndi anzake anaipatsa ntchitoyi kompyuta ya MANIAC ku Los Alamos, ndipo pulogalamu imene Hugo Bertini analemba ku Oak Ridge mu 1963 ili ndi zidzukulu zimene zikugwirabe ntchito ku CERN. Nawonso Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen anasonyeza mu 1949 kuti mu nyukiliyasi yozizira tinthu timayenda m'mizere yake mosagundana kwenikweni, zosemphana ndi mbale yodzaza ya Bohr.

Choyanjanitsa chinabwera mu 1954. Heinz Barschall ku Wisconsin anali atayeza manyutroni pa zitsulo zambiri, n'kupeza mafunde aakulu osinthasintha pang'onopang'ono kuchoka pa chitsulo china kupita pa china. Feshbach, Charles Porter ndi Weisskopf anati nyukiliyasi tiziiona ngati mpira wagalasi wachifunga: kuwala kolowa kumapindika, kwina kumamezedwa, kwina kumatuluka. Imeneyi ndiyo optical model. Chaka chomwecho Roger Woods ndi David Saxon, poyesa kufotokoza mmene mapulotoni a 20 MeV amamwazikira, anapeza kuti m'mphepete mwa nyukiliyasi si mwakuthwa ayi, mumazirala pang'onopang'ono. Gawo lomezedwa lija ndilo limapita ku masamu a Hauser ndi Feshbach.

Panatsala dera lapakati, ndipo ndi dera limene mapulotoni a 10 mpaka 200 MeV, ogwiritsidwa ntchito kwambiri, amagweramo. Oyeza ankapeza tinthu tothamanga kwambiri tochuluka kuposa mmene masamu a nthunzi ankanenera, komanso tambiri tinkalowera kutsogolo, kumene pulotoni inkapita, kusonyeza kuti nyukiliyasi inali isanaiwale. James Griffin mu 1966 anati tiziwerenga sitepe ndi sitepe. Amene anasewerapo nsolo amadziwa kuti timiyala totoledwa pa dzenje limodzi sitimwazika nthawi imodzi. Timatsika kamodzikamodzi, ndipo dzanja likadali panjira limakhala lidakali ndi tambiri. Pulotoni ikagunda koyamba pamakhala tinthu tiwiri todzutsidwa ndi malo amodzi osiyidwa opanda kanthu, kugunda kwachiwiri zimakhala zisanu, kenako zisanu ndi ziwiri, ndipo pa sitepe iliyonse kamodzi kangathe kuthawa kadakali ndi mphamvu yambiri. Marshall Blann wa ku Rochester anawonjezerapo mu 1971 n'kulemba pulogalamu ya ALICE imene inafalikira m'malabotale ambiri. Mu 1980 Feshbach, Arthur Kerman ndi Steven Koonin anaika maganizowa pa maziko a quantum mechanics. Ena mwa mayeso ofunika a masamu amenewa anachitikira ku Faure, kufupi ndi Cape Town, kumene Anthony Cowley wa ku Stellenbosch ndi anzake ankaombera mapulotoni a 80 mpaka 200 MeV pa cyclotron ya malo amene lero amatchedwa iThemba LABS.

Pofika m'ma 1980 zigawo zonse zinalipo, koma panali vuto limene silitchulidwa mokwanira. Chifanizo chilichonse chili ndi manambala osinthika: kuya kwa mpira wagalasi, kukula kwa chifunga chake, kuchuluka kwa masitepe a mphamvu. Munthu wochenjera angawapotokole mpaka mzere wake utadutsa pa mfundo zonse zoyezedwa, koma kumeneko si kulosera, ndi kutsatira mapazi. Labotale iliyonse inali ndi manambala ake m'kabati, ndipo magulu awiri ogwiritsa ntchito masamu omwewo ankapeza mayankho osiyana. Mankhwala ake anali ntchito yotopetsa yosonkhanitsa. Kuyambira mu 1970, Nkhondo Yozizira ili pachimake, malo anayi a ku Brookhaven, Saclay, Vienna ndi Obninsk ankatumizirana matepi a miyezo m'dongosolo limodzi lotchedwa EXFOR, ndipo miyezo ya mapulotoni inalowamo zaka zingapo pambuyo pake. M'ma 1990 bungwe la IAEA linayambitsa RIPL, nkhokwe ya manambala ogwirizana olowetsa m'zifanizo. Mu 2003 Arjan Koning ndi Jean-Paul Delaroche anafalitsa optical model imodzi yokwanira manyukiliyasi ambiri kuyambira 1 keV mpaka 200 MeV.

Koning, ali ku Petten m'dziko la Netherlands, ndi Stéphane Hilaire wa ku France pamodzi ndi Marieke Duijvestijn anamanga zonsezi m'pulogalamu imodzi, TALYS, yomwe inatuluka mokwanira mu 2007 ndipo imaperekedwa kwaulere. Kuti iyambe imangofuna mizere inayi: choombera, dzina la chitsulo, kulemera kwa nyukiliyasi, ndi mphamvu. Ukalemba p, Cu, 63 ndi 20, m'kanthawi kochepa kompyuta wamba imatulutsa njira zonse zimene Ghoshal anayeza ndi zina zambiri. Kuchokera mu 2008 pulogalamuyi yakhala ikudzaza nkhokwe ya TENDL, yokhala ndi manyukiliyasi pafupifupi 2,800. Ndimaona kuti kupereka chida chotere kwaulere kunali chinthu chachikulu, chifukwa wophunzira wa fizikisi ku Zomba kapena ku Lusaka, kumene kulibe cyclotron yofufuzira, angathe kugwira ntchito yeniyeni pa laputopu. Koma kufewa kwa mizere inayi kuli ndi msampha wake. Pa njira zazikulu, monga pulotoni kulowa n'kutulutsa nyutroni imodzi kapena awiri, mayankho amayandikira miyezo bwino ndithu. Pamene pakutuluka alpha kapena tinthu tambiri nthawi imodzi, si zachilendo kuti yankho liphonye kawiri kapena kuposa, ndipo kompyuta sichenjeza.

Malire a kuwerengera amaoneka bwino m'nyenyezi. Kulumikizana kwa mapulotoni awiri kumene kumayatsa dzuwa, komwe Bethe ndi Charles Critchfield anawerengera mu 1938, sikunayezedwepo mu labotale, chifukwa chandamale chake n'chochepa kwambiri moti pulotoni ya pakati pa dzuwa imadikira zaka mabiliyoni. Apo timadalira masamu okha, ndipo makina a Borexino atagwira ma neutrino ochokera m'kulumikizanako mu 2014 anawavomereza. Koma pa nitrogen-14 ikameza pulotoni zinayenda mosiyana. Gulu la LUNA, likugwira ntchito pansi pa thanthwe la mamita 1,400 ku Gran Sasso m'dziko la Italy pothawa cheza chochokera kuthambo, linapeza mu 2004 kuti nambala yakale inali yokulira pafupifupi kawiri. Zaka za magulu akalekale a nyenyezi zinakwera ndi mamiliyoni 700 mpaka biliyoni imodzi chifukwa cha muyezo umodziwo.

Ambiri oyeza masiku ano ali pafupi ndi zipatala kuposa nyenyezi, ndipo kayezedwe kawo sikanasinthe kwambiri kuchokera nthawi ya Ghoshal. Amasanja timapepala tachitsulo, topyapyala ngati tsitsi kapena kuposa, kamodzi kumbuyo kwa kanzake m'kachitini kakang'ono. Pulotoni ikamadutsa imataya mphamvu pang'onopang'ono, choncho kapepala kalikonse kamaombedwa pa mphamvu yakeyake. Pakati amalowetsamo timapepala ta mkuwa, aluminium kapena titanium, amene cross section yake ndi yodziwika bwino, kuti tiwauze kuchuluka kwa mapulotoni odutsa. Akazimitsa makina amalekanitsa timapepalato ndi zopanira, n'kumaika kamodzikamodzi kutsogolo kwa choyezera cha germanium chozizidwa ndi nitrogen wamadzi, mothamanga pa zimene zimatha m'mphindi, modekha kwa miyezi pa zokhalitsa. Magulu a Syed Qaim ku Jülich ndi Ferenc Tárkányi ku Debrecen, nthawi zina pamodzi ndi anzawo a ku Faure kumene mapulotoni a 66 MeV akhala akupangira mankhwala a m'chipatala, achita izi kwa zaka zambiri. Fluorine-18 wojambulira khansa m'makina a PET, amene theka lake limatha m'mphindi 110, amapangidwa poombera pulotoni pa oxygen-18, ndipo mphamvu yoyenera imasankhidwa poyang'ana mizere yotereyi.

Mu 2009 riyakita ya NRU ku Chalk River m'dziko la Canada inaima kwa miyezi yoposa 12, ndipo mu 2010 ya ku Petten inatsekedwanso kuti ikonzedwe. Dziko lonse linasowa technetium-99m, yomwe imachokera m'mariyakita otere ndipo imagwiritsidwa ntchito pa kujambula kwambiri kwa mankhwala a cheza. Anthu anakumbukira njira imene Beaver ndi Hupf anasonyeza mu 1971, yoombera pulotoni pa molybdenum-100. Apa masamu anakumana ndi funso lovuta, chifukwa kuombako kumapanga technetium-99 ya mitundu iwiri: yofunikayo, imene theka lake limatha m'maola 6, ndi ina yopanda ntchito yokhala zaka zoposa 200,000. Kugawikana kwa ziwirizi kumadalira kuzungulira kwa nyukiliyasi, gawo limene zifanizo sizilidziwa bwino, ndipo miyezo yakale nayo inkasemphana. Anachita kuyezanso.

Nkhani yofanana ikuchitika ndi actinium-225, imene madokotala, kuphatikizapo gulu la Mike Sathekge pa chipatala cha Steve Biko ku Pretoria, agwiritsa ntchito pa khansa ya prostate yofalikira. Theka lake limatha m'masiku 10, ndipo yochokera m'nkhokwe zakale za thorium-229 ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi odwala. Malabotale a Los Alamos, Brookhaven ndi Oak Ridge anagwirizana kuipanga poombera mapulotoni a 100 mpaka 200 MeV pa thorium-232. Pa mphamvu zimenezi zonse zimachitikira pamodzi: kugunda kwa Serber, masitepe a Griffin, nthunzi ya Weisskopf, komanso kung'ambika pakati kwa thorium, kumene kumalanda gawo lalikulu. Pamodzi ndi actinium-225 pamabadwa actinium-227, yomwe theka lake limatenga zaka pafupifupi 22, ndipo palibe njira ya kemisitiri ingalekanitse ziwirizi poti ndi chitsulo chimodzi. Mapulogalamu osiyanasiyana anapereka mayankho osiyana pa kuchuluka kwake, choncho magulu a ku Los Alamos ndi Brookhaven anasanja timapepala ta thorium n'kuyeza okha pa mphamvu zosiyanasiyana. Manambala amene oyang'anira mankhwala akugwiritsa ntchito poona kuti wodwala angalandire actinium-227 yochuluka bwanji, ndiponso kuti chipatala chisunge zinyalala zake motani, amayambira pa timapepala timeneto, ndipo olemba mapulogalamu akukonzera masamu awo a thorium pa miyezo yomweyo.